Makoromosomu ndi Mphamvu ya Mungu wa Mabiringanya: Phunziro la m'Dimba la Sukulu

Pa mitu yonse ya sayansi ya zamoyo imene timaphunzitsa, palibe umene ana amauloŵeza pamtima osaumvetsa koposa wa kugaŵikana kwa maselo. Amajambula zithunzi zosiririka m'makope mwawo, natchula maina achilendo aja mwa ndondomeko yake, ndipo ambiri amakhoza ndithu mayeso. Koma tikawafunsa kuti zimenezi zimachitikira pati, ndi kuti zitalephereka mlimi angataye chiyani, kalasi lonse limangoti zii. Mlandu suli kwa ana. Mutuwu timauphunzitsa ngati nkhani ya pabolodi, chikhalirecho malo ake enieni ndi m'dimba, kumene duŵa lina limagwira chipatso pamene linzake likungoyoyoka.

M'nkhani ino tifuna kuonetsa anzathu amene ali pa maphunziro a uphunzitsi kuti mzere umodzi wa mabiringanya ungathe kusenza phunziro lonseli. Tasankha biringanya chifukwa limachita maluŵa kwa miyezi ingapo, maluŵawo ndi aakulu moti mwana angathe kuwang'amba ndi zala zake, ndiponso lili ndi abale akutchire amene amadzimerera okha m'mbali mwa misewu yathu. Ubale umenewo, monga tionere, ndiwo phata la nkhani.

Mbewuyi ndi abale ake

Biringanya ndi mlendo wakale. Amene anayamba kulilima ndi anthu a ku Asia, makamaka ku India ndi ku China, kuchokera ku chomera chakutchire chaminga chimene akatswiri amachitcha Solanum insanum. Buku la zaulimi la ku China lotchedwa Qimin Yaoshu, limene linalembedwa cha m'ma 544, limafotokoza kalimidwe kake. Aluya ndiwo analifalitsa chakumadzulo pa maulendo awo a malonda, ndipo dzina lawo lakuti badinjan ndilo linabala beringela wa Apwitikizi, biringani wa Aswahili ndi biringanya wathuyu. Carl Linnaeus analipatsa dzina lasayansi lakuti Solanum melongena mu 1753. Mu 2020 dziko lonse lapansi linakolola matani oposa 50 miliyoni a mabiringanya, ndipo China ndi India okha anatulutsa zoposa zigawo 8 mwa 10 za zokololazo.

Komatu makolo a mlendoyu kwawo ndi kuno ku Africa. Kafukufuku wa DNA amene anafalitsidwa mu 2018 anaonetsa kuti gulu la zomera zakutchire zimene zili pa ubale wapafupi ndi biringanya linayambira kumpoto chakum'maŵa kwa Africa, ndi kuti nthambi imene inawolokera ku Asia ndiyo inadzakhala Solanum insanum. Nthula yathu, ija ya minga ndi tizipatso tachikasu, ili m'gulu limeneli. Mabuku akale amaitcha Solanum incanum kapena Solanum panduriforme, koma masiku ano nthula zambiri za kum'mwera ndi kum'maŵa kwa Africa zimaŵerengedwa pansi pa dzina la Solanum campylacanthum. Mbale wina wapatali pang'ono ndi impwa, zimene anansi athu a ku Zambia amazikonda kwambiri ngati ndiwo. Dzina lake ndi Solanum aethiopicum, ndipo izi zinayamba kulimidwa mu Africa momwe muno.

Pano tiime kaye pa vuto la mawu. Chicheŵa chimati "mtundu" ponena za chimanga ndi mapira, chimatinso "mtundu" ponena za chimanga chamakolo ndi chimanga chamakono. Kusiyana kuŵiriku sikulingana konse, ndipo mwana akakusokoneza ndiye kuti phunziro lonse lamtayika. Chotero m'nkhani ino tidzati "fuko" ponena za biringanya, nthula ndi impwa, zimene zili zomera zosiyana, ndipo tidzati "mtundu" ponena za Black Beauty lobulungira ndi Long Purple lalitali, amene onse ali a fuko limodzi la biringanya. Mphunzitsi angathe kusankha mawu ena, malinga akhale aŵiri ndipo asawasinthesinthe.

Selo lililonse la thupi la biringanya, kaya la tsamba kaya la muzu, lili ndi makoromosomu 24 m'kati mwa nyukiliyasi yake. Koromosomu ndi ulusi wautali wa DNA wokulungidwa mosamala, ndipo pa ulusiwo ndipo pali malangizo a chibadwa amene timawatcha majini. Mawu otsirizaŵa tiwatchule mochenjera, pakuti m'makutu mwa ana ambiri majini ndi mizimu. Nkwabwino kuyamba tanena "malangizo a chibadwa" kufikira atazoloŵera. Makoromosomu 24 aja ndi magulu aŵiri a 12, gulu lina lochokera ku mungu, lina lochokera ku dzira. Phwetekere, tsabola ndi impwa nazo zili ndi 24. Mbatata ya kachewere ndi fodya zili ndi 48. Mnadzi wina uli ndi 72. Mwana wakhama adzaona yekha kuti manambala onseŵa amagaŵika ndi 12. Chimanga chili ndi 20, anyezi 16, munthu 46. Tizinena msanga kuti kuchuluka kwa makoromosomu si ulemu, chifukwa mbatata siiposa munthu nzeru. Kulingana kwa nambala nakonso si chilolezo cha ukwati: phwetekere ndi biringanya onse ali ndi 24, koma saberekana.

Duŵa

Tikang'amba duŵa la biringanya tipeza pakati pake matumba a mungu achikasu, asanu kapena kuposerapo, ataunjikana mozungulira chiŵalo chachikazi. Chiŵalocho chili ngati kamunsi: mutu wake womata ndiwo umalandira mungu, ndipo kutsinde kwake kuli mimba ya duŵa yodzaza timazira, timene timadzasanduka njere. Matumba a mungu wa biringanya sang'ambika m'mbali monga a maluŵa ambiri. Ali ndi tiziboo kunsonga, ndipo mungu umatuluka pokhapokha duŵa litagwedezeka. Bemberezi amadziŵa chinsinsi chimenechi: amagwira matumbawo nanjenjemeretsa thupi lake ndi phokoso lija, mungu nkumufumbukira pamimba. Njuchi za uchi sizitha kuchita zimenezi. Mphepo nayo imathandizako pogwedeza maluŵa, ndipo kaŵirikaŵiri duŵa limalandira mungu wake womwe.

Pa chomera chimodzi pamakhala maluŵa a kamunsi kakatali, kotulukira kunja kwa matumba, ndi ena a kamunsi kakafupi kobisika m'kati. A kamunsi kakafupi kaŵirikaŵiri sagwira chipatso ngakhale mungu wawo uli wabwinobwino. Tikumbukire zimenezi, chifukwa tidzazifuna kutsogoloku.

Zochitika m'thumba la mungu

Duŵa lisanamasule, likadali kanthu kobiriŵira kakang'ono, m'thumba lililonse la mungu mumakhala tizipinda tinayi todzaza maselo apadera. Tiwatche maselo amanthu, pakuti ndiwo amabala mungu. Selo lamanthu lili ndi makoromosomu 24 monga maselo ena onse, koma kanjere ka mungu kayenera kukhala ndi 12 okha. Chifukwa chake ana angachipeze okha pa samu yapafupi: mungu utabwera ndi 24 nukumana ndi dzira la 24, mwana akhala ndi 48, mdzukulu 96, chidzukulu 192, osalekeza. August Weismann anaganiza motero mu 1887 nanena kuti payenera kukhala kugaŵikana kochepetsa nambala ndi theka. Edouard van Beneden anali ataona kale mu 1883, pa njoka za m'mimba mwa akavalo, kuti dzira ndi umuna zimabweretsa theka chilichonse. Dzina lakuti koromosomu, kutanthauza thupi logwira utoto, analipeka Wilhelm Waldeyer mu 1888, ndipo kugaŵikana kochepetsako anakutcha meiosis J. B. Farmer ndi J. E. S. Moore mu 1905, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuchepetsa.

Ntchitoyi imayenda motere. Poyamba koromosomu iliyonse imadzikopera, nikhala ndi nkhosi ziŵiri zofanana zolumikizana pa mfundo imodzi. Kenaka pamachitika chinthu chimene sichichitika m'kugaŵikana wamba kwa maselo a muzu kapena tsamba: koromosomu iliyonse yochokera kwa mayi imafunafuna inzake yofanana nayo yochokera kwa bambo, nigona nayo moyandikana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Makoromosomu 24 aja amasanduka magoli 12, monga ng'ombe zomangidwa ziŵiriziŵiri. Zili m'goli momwemo, nkhosi zimaduka pa malo ofanana ndi kusinthana zidutswa. Malo osinthanawo amaoneka pa maikulosikopu ngati mphambano.

Mabuku ambiri a ana amanena kuti mphambano zimenezi zimasakaniza chibadwa cha makolo, ndipo amanena zoona, koma amasiya theka la nkhani. Mphambano ndiyonso chingwe chimene chimamanga goli. Popanda mphambano ngakhale imodzi, makoromosomu aŵiriwo amatayana nthaŵi isanakwane, ndipo zonse zimene tifotokoze m'munsimu zimayambira pamenepo. Ife tiona kuti mphunzitsi amene watsindika mfundo imeneyi wapeputsa ntchito yake yonse yotsala.

Magoli 12 aja amandanda pakati pa selo. Timaulusi tochokera kumbali ziŵiri timakoka, goli lililonse nkumasuka, koromosomu ina kupita uku, inzake uko. Mbali iliyonse yalandira 12. Posakhalitsa kugaŵikana kwachiŵiri kumatsata, kumene kumalekanitsa nkhosi ziŵiri za koromosomu iliyonse. Zotsatira zake ndi maselo anayi, lililonse la makoromosomu 12, ogundana pamodzi ngati mafuwa atatu ndi mphika pamwamba. Pambuyo pake amalekana, nadyetsedwa ndi maselo a m'khoma la kachipinda kaja, navala chikopa cholimba. Limodzi lililonse limagaŵikanso kamodzi m'kati mwa chikopa chake, ndipo pamenepo lasanduka kanjere ka mungu. Tinjere timeneti ndi tating'ono kwambiri: tofika 30 kapena 40 titandanda ndiye tikwane milimita imodzi.

Goli lililonse limatembenukira kumene lifuna, osaona anzake. Chotero njira zogaŵira makoromosomu a mayi ndi a bambo ndi 2 kuchulukitsa ndi 2 ka 12, ndiye kuti 4,096, osaŵerengera kusinthana zidutswa kuja. Kwa munthu, wa magoli 23, njirazo ndi 8,388,608. Nchifukwa chake ana a mimba imodzi safanana.

Goli likalephera

Kanjere ka mungu kali ndi kope limodzi lokha la malangizo alionse. Selo la tsamba likakhala ndi koromosomu yolumala, inzake imaphimba. Kanjere ka mungu kalibe woti akaphimbire. Kakalandira 11 m'malo mwa 12, malangizo ochuluka asoŵa ndipo kamafa kasanakhwime, nkutsala chikopa chokha chofota, ngati mtedza wa mphwepwa. Ka 13 nthaŵi zina kamapulumuka, koma kamakhala kofooka ndipo kaŵirikaŵiri kamapitiriridwa ndi tinzake pa liŵiro lopita ku dzira. Mwa ichi mungu uli ngati mboni: umatiuza ngati ntchito ya m'maluŵa osamasula inayenda bwino, ngakhale ife sitinaione.

Akatswiri akayang'ana maselo amanthu a chomera chosabereka bwino amaona zizindikiro zodziŵika. Pali makoromosomu amasiye, opanda mnzawo wa goli, amene amayenda chisawawa. Pali otsalira pakati pamene anzawo afika kale kumbali. Ameneŵa amatsekeredwa kunja kwa nyukiliyasi napanga tinyukiliyasi tapadera, kotero kuti m'malo mwa maselo anayi olingana timaona asanu kapena asanu ndi limodzi osiyana kukula. Nthaŵi zina makoromosomu anayi amamangika pamodzi ngati unyolo kapena mkombero, chizindikiro chakuti aŵiri a iwo anasinthana zidutswa ndi koromosomu yosakhala mnzawo m'mibadwo yakale. Nthaŵi zina nkhosi imodzi imakokedwa kumbali zonse ziŵiri nikhala ngati mlatho mpaka kuduka.

Kuopsa kwa umasiye ana angakuone okha ndi zitsekerero za mabotolo. Goli likamangika bwino, mbali iliyonse imalandira koromosomu imodzi mosakayika. Likalephera, makoromosomu aŵiriwo amayenda payekhapayekha, monga zitsekerero ziŵiri zoponyedwa m'mwamba: mwina chimodzi chigwa chafufumimba china chagada, ndiye kuti zapita mbali zosiyana ndipo mungu uli bwino, mwina zigwa mofanana, ndiye kuti mbali ina yalandira ziŵiri ndipo ina yatsala manja. Pa kuponya kwambiri, theka lokha ndilo limatuluka bwino. Magoli aŵiri akalephera, gawo limodzi mwa 4. Atatu, limodzi mwa 8. Onse 12, limodzi mwa 4,096. Ana aponye ndithu, aŵerenge okha, ndipo tidzaona kuti phunziro la masamu ndi la sayansi zakumana popanda kuzikakamiza. Tisaiŵale kuwauza kuti zitsekerero sizigwa ndendende theka ndi theka, monganso maselo sachita ndendende. Samuyi ikungoonetsa kumene zinthu zikupendekera.

Tsono funso nlakuti, goli limalephera liti? Pakati pa mitundu ya fuko limodzi sililephera kaŵirikaŵiri. Akatswiri amene anayeza mitundu yosiyanasiyana ya mabiringanya, yobulungira ndi yaitali, yofiirira, yoyera ndi yobiriŵira, amapeza magoli 12 m'maselo amanthu ochuluka, ndipo mungu wambiri umakhala wathanzi. Mitundu imasiyana pang'ono pa kuchuluka kwa mphambano ndi pa zolakwika za apo ndi apo, koma kusiyanako nkochepa poyerekeza ndi mmene zipatso zake zimasiyanira m'maso. Black Beauty ndi Long Purple akakwatitsidwa, mwana wawo amabereka popanda vuto. Chimodzimodzinso biringanya ndi kholo lake Solanum insanum.

Tikatuluka kunja kwa fuko zinthu zimasintha. Biringanya ndi impwa zimatheka kukwatitsidwa, ndipo chomera chobadwacho chimakula mwamphamvu ndi kuchita maluŵa, koma mungu wake wambiri ndi mphwepwa. Chodabwitsa nchakuti m'maselo amanthu ambiri a chomera chotere magoli amaoneka omangika ndithu. Vuto labisala m'kati: makoromosomu a mafuko aŵiriŵa, atakhala paderapadera zaka zosaŵerengeka, sasunganso malangizo pa malo ofanana, kotero kuti akasinthana zidutswa kanjere kena kamalandira malangizo ena kaŵiri, ena osawalandira konse. Chotero tisaphunzitse ana kuti magoli 12 ndiwo umboni wokwanira wa kubereka. Umasiye umabweretsa mphwepwa, inde, koma mphwepwa ingabwerenso popanda umasiye. Mbale wina wapatali kwambiri, Solanum torvum wochokera ku America, amavuta ngakhale kuti agwire njere ndi biringanya, ndipo ana ochepa amene amapezeka amakhala osabereka. Ana amene anamvapo za nyulu adzazindikira msanga: kavalo ali ndi makoromosomu 64, bulu 62, ndipo mwana wawo, wa 63, ndi wamphamvu pa ntchito koma sabala.

Wina angafunse kuti akatswiri amavutikiranji ndi maukwati ovuta chotere. Yankho lili m'nthaka. Mabiringanya amafa ndi matenda ofotetsa, ena oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Ralstonia solanacearum, ena ndi nkhungu yotchedwa Fusarium, ndipo abale ena akutchire kapena olimidwa samagwidwa nawo kwenikweni. Malangizo opirira matenda alipo, koma ali tsidya lina la mtsinje wa kusabereka. Alimi a maiko ambiri amaulambalala mtsinjewo mwa kumezanitsa biringanya pa tsinde la Solanum torvum. Akatswiri a ku Italy anauwoloka: analumikiza maselo a biringanya ndi a impwa, napeza zomera za makoromosomu 48 zobereka, ndipo kuchokera pa zimenezo anabwezera m'biringanya malangizo opirira Fusarium.

Nanga bwanji chomera cha 48 chimabereka pamene cha 24 chinalephera? Chifukwa koromosomu iliyonse tsopano ili ndi mnzake weniweni, ya biringanya ndi ya biringanya, ya impwa ndi ya impwa. Georgii Karpechenko wa ku Russia anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1920 pokwatitsa radishi ndi kabichi. Mwana wa makoromosomu 18 anali wosabereka, koma zidzukulu zoŵerengeka za 36 zinabereka. Mwatsoka chomeracho chinatenga masamba a radishi ndi mizu ya kabichi, ndiye kuti mbali zosadyedwa zokhazokha. Mu 1937 Albert Blakeslee ndi Amos Avery anafalitsa njira yoŵirikiza makoromosomu mwadala ndi mankhwala otchedwa colchicine, amene amaletsa timaulusi tokoka tija kupangika. Mankhwalaŵa amapezekanso m'duŵa lokongola la m'tchire mwathu, Gloriosa superba, limene lili duŵa la dziko la Zimbabwe. Ndi poizoni wakupha, ndipo alibe malo m'kalasi.

Koma tikaŵirikiza biringanya lenileni, losasakanizidwa, kubereka kwake kumatsika. Koromosomu iliyonse imakhala ndi anzake atatu ofanana nayo, ndipo m'malo mwa magoli a ziŵiriziŵiri pamakhala kupiringizana kwa zitatu ndi zinayi, kumene sikugaŵika molingana nthaŵi zonse. Mankhwala omwewo amachiritsa mwana wa mafuko aŵiri nadwalitsa wa fuko limodzi. Wophunzira amene angafotokoze chifukwa chake m'mawu akeake wamvetsa meiosis, ngakhale ataiŵala maina onse a zigawo zake. Nthochi zimene timadya zili ndi magulu atatu a 11, pamodzi 33, ndipo zitatu sizigaŵika paŵiri. Nchifukwa china chake zilibe njere ndipo timabzala ana ake a patsinde.

Zosachokera ku magoli

Tisafulumire kunamizira makoromosomu pa duŵa lililonse loyoyoka. Biringanya limakonda kutentha kwa pakati pa madigiri 21 ndi 30. Usiku wozizira wa June ndi July kumapiri a Dedza, kapena kutentha kwa October ku Nsanje, zimaononga mungu ukadali m'thumba, pakuti nthaŵi ya meiosis ndi masiku otsatira ndiyo nthaŵi imene duŵa lili losalimba koposa. Chilala, tizilombo, feteleza wa masamba wochulukitsa, kamunsi kakafupi kaja, ngakhale kusoŵa kwa bemberezi kumene kwadza ndi mankhwala opopera, zonsezi zingagwetse maluŵa. Palinso kusabereka kwa mungu kochokera ku malangizo a kunja kwa nyukiliyasi, amene amatsata mayi yekha. Akatswiri a ku Saga University ku Japan anapanga mabiringanya otere mwadala pogwiritsa ntchito abale akutchire. M'ena matumba satseguka, m'ena mungu supangika nkomwe. Kwa wopanga mbewu ya haibulidi chilema chimenechi ndi chuma, chifukwa chimamupulumutsa ku ntchito yothothola matumba a mungu ndi manja pa duŵa lililonse.

Apa tikonzeretu chikhulupiriro china chofala, chakuti mbewu ya haibulidi ya m'sitolo ndi yosabereka ngati nyulu. Si choncho. Mbewu imeneyo ndi mwana wa mitundu iŵiri ya fuko limodzi, ndipo magoli ake amamangika bwino. Yoichi Kakizaki wa ku Japan anafotokoza mu 1931 mmene mabiringanya otere amaposera makolo awo pa zokolola, ndipo biringanya linali m'gulu la ndiwo zamasamba zoyamba kugulitsidwa motero. Mlimi akasunga njere zake zimamera ndithu. Chimene chimatayika ndi kufanana kwa zomera ndi mbali ya mphamvu zija, chifukwa cha njira 4,096 zija. Ana athu ambiri ndi ana a alimi, ndipo kusiyanitsa zinthu ziŵirizi kudzawathandiza pa chimanga chomwe.

M'kalasi

Tiyambe ndi zosafuna maikulosikopu. Ana amange ulusi wofiira pa maluŵa 20 a kamunsi kakatali ndi ulusi woyera pa 20 a kamunsi kakafupi, ndipo patapita masiku 10 aŵerenge amene agwira. Gulu lina liphimbe maluŵa osamasula ndi timatumba ta pepala, theka lawo nkumawagwedeza ndi chala m'maŵa uliwonse akamasula, theka kuwasiya. Zipatso zikakhwima aŵerenge njere. Kuti aone mungu, agogode duŵa longomasula kumene pamwamba pa chikhadabo kapena pepala lakuda, m'maŵa dzuŵa lisanakwere.

Pamene pali maikulosikopu, ngakhale yokulitsa ka 100 kokha, tigogodere mungu pa galasi ndi kudonthezerapo utoto wa acetocarmine, umene John Belling anautchukitsa pa ntchito zotere mu 1921. Tinjere tathanzi timafufuma ndi kufiira. Ta mphwepwa timatsala totuwa ndi tofota. Ayodini, amene amagwira bwino mungu wa chimanga, tisamudalire pano, chifukwa mungu wokhwima wa banja la phwetekere ndi biringanya kaŵirikaŵiri umakhala utasandutsa kale sitalichi yake kukhala shuga. Gulu lililonse liŵerenge tinjere tosachepera 200, kuchokera pa malo angapo a galasi, pa maluŵa angapo ndi zomera zingapo. Tiyerekeze kuti mwa 200 tofiira ndi 176. Pamenepo alembe 88 pa 100, pamodzi ndi tsiku ndi mmene kunja kunachera. Mphunzitsi alembe zilembo A, B, C pa magalasi m'malo mwa maina a mitundu, pakuti maso a munthu amakonda kuona zimene akuyembekeza. Nthula ikhale nawo pa mpikisanowo, koma tichenjeze ana kuti zipatso zake ndi poizoni, ndipo asambe m'manja.

Nkutheka kuti mitundu yonse ya m'dimba idzatuluka pafupifupi mofanana. Mphunzitsi watsopano angakhumudwe nayesedwa kukokera manambala kuti paoneke kusiyana. Asatero, chifukwa kufananako ndiko kumene tiyenera kuyembekeza m'fuko limodzi, ndipo kusiyana kwa 3 kapena 4 pa 100 kungachokere ku mwayi chabe, monga pa zitsekerero zija. Kusiyana kwakukulu kungaoneke tikayeza chomera chimodzimodzi m'nyengo ziŵiri zosiyana.

Tidziŵenso kuti utoto umakometsa zinthu. Umangotiuza kuti m'kanjere muli kanthu, osati kuti kangathe kumera. Muyeso woona ndi kumeretsa. Tisungunule magalamu 10 a shuga m'mamililita 100 a madzi a mvula oŵiritsa ndi kuziziritsa, ndi kachidutswa kochepetsetsa ka boric acid ngati alipo, J. L. Brewbaker ndi B. H. Kwack anaonetsa mu 1963 kuti kashiamu pang'ono amathandizanso. Tidontheze pa galasi, tiwazepo mungu, ndi kusunga galasilo m'mbale yovundikira yokhala ndi thonje lonyowa. Patapita maola aŵiri kapena atatu tinjere tamoyo timakhala titatulutsa kamchira, kamene m'duŵa kamaboola kamunsi kunka ku dzira. Tiŵerenge kuti kamera kokhako kamene mchira wake wapitirira kukula kwa kanjereko. Nambala imeneyi idzatsika kuposa ya utoto, ndipo ana afunsidwe chifukwa chake.

Kuona makoromosomu enieniwo nkovutirapo. A biringanya ndi aang'ono, ofuna maikulosikopu yokulitsa ka 400 kufikira ka 1,000. Wongoyamba kumene ayambe ndi maluŵa osamasula a anyezi wosiyidwa m'munda kuti achite njere, amene magoli ake 8 ndi aakulu ndi oonekera bwino. Maluŵa osamasulawo, kaya a anyezi kaya a biringanya, tiwathyole m'maŵa, a misinkhu yosiyanasiyana, ndi kuwaviika usiku wonse m'zigawo 3 za ethanol ndi chigawo 1 cha acetic acid wosasungunula. Mankhwalaŵa asakanize mphunzitsi yekha, kutali ndi moto. M'maŵa mwake tichotse thumba limodzi, tilidule m'dontho la acetocarmine, tifinye kuti maselo atuluke, tivundikire ndi kagalasi, tifunditse pang'ono osaŵiritsa, ndi kusindikiza ndi chala kupyolera m'pepala loyamwa madzi. Maselo amanthu a thumba limodzi amayendera limodzi, choncho thumba loyambalo limatiuza msinkhu wa duŵa lonse. Tikaona tinjere tolekana kale, duŵalo lakula, titenge laling'ono. Tikaona maselo anayianayi ogundana, tachedwa pang'ono chabe, ndipo tiŵerengeretu amene ali ndi tinyukiliyasi tapadera. Tikaona maselo aakulu a nyukiliyasi yosalala, tafulumira. Duŵa limene latipatsa magoli tiliyeze ndi rula ndi kulemba utali wake m'buku la dimba, kuti kalasi la chaka chamaŵa lidzayambire pamenepo.